Injini yanoka waranti itatha kale: kodi kampani yopanga ingandimvere?

Lolemba

aPhiri (Chankhanga): Akuluakulu mwaswera bwanji nonse. Ndabwera ndi nkhani yondilemera mumtima. Galimoto yanga ija ya zitseko ziwiri yanoka injini Loweruka ndikuchokera ku Lilongwe. Nditangowoloka mlatho wa Bua, ndisanafike pa Chinkhoma, ndinayamba kumva kugogoda pansi pa boneti, ndipo ndikaponda mafuta nako kumafulumira. Nyale ya oyilo inathwanima kamodzi. Ndinaimika pomwepo, kuzimitsa, ndipo mpaka lero sindinailizenso. Inabwera pa breakdown, ili pakhomo.

Ndi ya 2018. Ndinaitanitsa ku Japan mu 2022 kudzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe, ili ndi makilomita 41,000. Pano ili pa 79,000. Injini yake ndi ya masilinda anayi, 2.0, ya turbo. Sevisi ndimachita pa nthawi yake ndipo malisiti ndimasunga. Zoti waranti inatha ndikudziwa. Koma injini ya galimoto yodula chonchi kufa isanakwane ndi 80,000 yomwe, mtima wanga ukukana. Alipo pano amene analemberapo kampani yopanga galimoto kupempha thandizo waranti itatha? Mumayambira pati?

Dzina la kampani ndi la dila sinditchula panopa. Ndikufuna kukawapempha mwaulemu, ndiye sindikufuna kuti zomwe tikukambirana pano zikafike kumeneko ine ndisanafike.

aMbewe (admin): Pepani kwambiri achimwene. Pa dzina mwaganiza bwino. Amene mukuidziwa galimotoyi musaitchule chonde mpaka nkhani ithe.

aKamanga: Pepani aPhiri. Koma ndinene zoona zokhazokha, musataye nthawi. Galimoto ya ex-Japan ilibe mwini ku Malawi kuno. Dila wa ku Lilongwe sanadyepo tambala pa galimoto imeneyo, ndiye akuthandizani chifukwa chani? Sakani half-cut (theka la kutsogolo la galimoto yodulidwa pakati, injini ili momwemo) ku Dubai kapena ku Dar, muike, muziyenda.

aMwale a garaja: AKamanga dikirani kaye, za half-cut tikamba. APhiri, choyamba ndikuyamikeni pozimitsa pomwepo. Ambiri amati ndingofika pa Boma kaye, n'kufika konirodi (chitsulo cholumikiza pisitoni ndi kirankishafuti) itaboola buloko, yomwe ikanakonzeka n'kusanduka chitsulo cha pa sikelo.

Chachiwiri, ndipo ichi mumve bwino: musalole munthu aliyense kumasula injini imeneyo panopa. Ngakhale ineyo. Ngati mukufuna kampani ikumvereni, ayenera kuiona momwe yafera. Ikangomasulidwa pansi pa mtengo, mabawuti m'beseni, maberingi atasakanikirana, adzati sitikudziwa zomwe munachitako, nkhani n'kuthera pomwepo. Oyilo musakhuthule. Batire musachotse, ndipo munthu asalowetse kamakina kofufutira ma code. Zomwe kompyuta ya galimotoyo yasunga ndi mboni yanu.

Chomwe mungachite lero ndi kusolola dipstick n'kujambula pomwe oyilo walekezera, galimoto itaima pamalo osapendekeka. Mujambulenso dashibodi makilomita akuoneka, ndi pansi pa injini kuonetsa kuti sipakudontha.

aPhiri (Chankhanga): Zikomo akulu. Dipstick ndinayang'ana pamsewu pomwepo, oyilo anali pafupi ndi mzere wa pamwamba. Koma ndikaunika ndi tochi ndikuona tinthu tonyezimira ngati ta mkuwa.

aMwale a garaja: Ndiye beringi imeneyo. Mkati mwa beringi ya big end (pomwe konirodi imagwira kirankishafuti) muli mkuwa, ukauona mu oyilo ndiye kuti kachikutiro kofewa ka pamwamba katha. Funso lomwe latsala ndi loti chaipha n'chani, ndipo ndalama zonse zagona pa funso limenelo.

Junior wa ku Mtunthama: Koma madala magalimoto amenewa mumawathamangitsa heavy. Pa M1 paja pomwe akonza kale anthu akuuluka. Mwina ndi zimenezo basi.

aPhiri (Chankhanga): Mphwanga, ndinali ndi mayi akunyumba ndi katundu wa kushopu. Ndimayenda 100, giya ya sikisi. Komanso galimotoyi inapangidwira kuthamanga. Ikanakhala kuti imafa ndi 100 sakanaigulitsa n'komwe.

Nabanda: Achimwene pepani ndi zomwe zakuonekerani. Ndinagwirapo ntchito kolandirira magalimoto a sevisi kwa dila wina ku Lilongwe, ndiye ndikuuzeni momwe zimayendera mkatimo, chifukwa anthu ambiri amasokoneza zinthu zitatu zosiyana.

Pali waranti, lomwe ndi lonjezo lolembedwa, lokhala ndi zaka ndi makilomita. Yanu inatha, imeneyo tiisiye.

Pali recall, pomwe kampani yavomera yokha kuti gulu lakutilakuti la magalimoto linatuluka ndi vuto, kawirikawiri lokhudza chitetezo, ndipo imakonza ulere. Imeneyi siyendera zoti waranti ilipo kapena ayi, imatsata nambala ya chasisi. Mukukumbukira nkhani ya ma airbag a Takata, momwe magalimoto a zaka zoposa khumi ankaitanidwabe.

Ndiye pali chomwe amachitcha goodwill. Apa palibe lamulo lowakakamiza. Kampani imangoona kuti chinthuchi sichimayenera kufa msanga chonchi, ndipo kuti kasitomala asathawe imathandizako. Nthawi zambiri salipira zonse. Amatha kupereka zipangizo inu n'kulipira amakaniko, kapena kugawana mtengo wa zipangizozo. Chomwe inu mukufuna ndi chimenechi, ndiye kalata yanu ikhale yopempha. Mukalowa ndi zoti ndikusumirani, fayilo imachoka kwa anthu a zaumisiri n'kupita kwa maloya, ndipo kumeneko yankho ndi limodzi lokha.

China, musalembere ku fakitale ku Japan kokha n'kukhala pansi kudikira. Kalata yotero amangoibweza kwa woimira kampani m'dziko lanu. Pempho la goodwill limatsegulidwa ndi dila, iye ndi amene amalemba lipoti la zaumisiri, kuikamo zithunzi ndi zomwe kompyuta yawerenga, n'kutumiza ku ofesi yoyang'anira chigawo chino cha Africa. Choncho munthu wofunika kwambiri pa nkhani yanu ndi mkulu wa workshop. Akakhulupirira kuti munaisamala galimotoyo amalemba lipoti lokukomerani. Akaona ngati mwabwera kudzamunyoza amalemba mizere iwiri.

aKamanga: Achemwali mwafotokoza bwino, koma mwasiya chachikulu. Goodwill imeneyo anapatsidwapo munthu wa ex-Japan inu mukuona?

Nabanda: Sindinama aKamanga, kwa wa ex-Japan n'kovuta kwambiri. Amayang'ana ngati munagula kwa iwo, ngati ndinu mwini woyamba, ngati sevisi mumachitira kwa iwo. APhiri pa zitatu zonsezi alibepo chilichonse. Chomwe ali nacho ndi makilomita ochepa ndi malisiti. Ndiye mwayi ndi wochepa, koma kulemba kalata sikulipiritsa, ndipo injiniyo imasulidwabe ngakhale asankhe njira iti.

aGondwe (Nagoya): Moni nonse kumudzi. Kuno kwada kale koma ndiyankheko. Makampani akuluakulu a kuno amapereka waranti ya mitundu iwiri: ya zinthu wamba, zaka 3 kapena makilomita 60,000, ndi ya zinthu zikuluzikulu monga injini ndi giyabokosi, zaka 5 kapena makilomita 100,000, chomwe chayamba kukwana. Ya aPhiri ya injini ndiye kuti inatha mu 2023. Ndipo ngakhale ikanakhala isanathe, waranti imeneyi imagwira ntchito galimoto ikakhala mkati mwa Japan. Ikakwera sitima yatuluka m'lonjezo.

Koma pali pomwe ndingathandize. Ma recall onse kuno amalembetsedwa ku unduna wa zamtengatenga, MLIT, ndipo kampani iliyonse ili ndi tsamba pomwe umalowetsa nambala ya chasisi n'kuona ngati pali chomwe sichinakonzedwe. Kupatula recall palinso zomwe amazitcha service campaign, komanso zidziwitso zoti pa chipangizo chakutichakuti awonjezera zaka za waranti chifukwa chakhala chikuvuta. Zonsezi zili m'Chijapani, n'chifukwa chake kumudzi sitizidziwa. APhiri nditumizireni ku inbox chithunzi cha export certificate. Nambala yake si ija ya zilembo 17 ya magalimoto a ku Ulaya kapena ku South Africa, ndi yaifupi, ili ndi kamzere pakati.

aPhiri (Chankhanga): Ndatumiza achimwene. Mulungu akudalitseni.

aChirwa: Ndiwonjezereko kuti aPhiri asaone ngati akupempha chinthu chachilendo. Makampani amavomera ndithu injini zikamafa zambiri mofanana. Mu 2008 Mazda ku America inawonjezera waranti ya injini ya rotary ya RX-8 kufika zaka 8 kapena mamailosi 100,000, omwe ndi makilomita pafupifupi 160,000. Porsche inagwirizana ndi eni Boxster ndi 911 a 2001 mpaka 2005 pa nkhani ya beringi ya IMS mu 2013, anthu atasuma pamodzi kukhoti ku America. Subaru mu 2018 inaitanitsa magalimoto oposa 400,000 padziko lonse chifukwa cha masipuling'i a mavalavu omwe ankatha kuthyoka, ndipo BRZ ndi Toyota 86 zinali momwemo poti zimapangidwira fakitale imodzi ku Gunma.

aKamanga: Zitsanzo zanuzo ndi zomwe zikundivomereza ine. America, America, khoti, anthu zikwizikwi. Ku Kasungu kuno galimoto ya mtundu umenewu mwina ndi imodzi yomweyo. Amuopa ndani?

aChirwa: Sindikunena kuti amuope. Ndikunena kuti ngati injini ya mtundu wake ili ndi mbiri yotere kwina, azitchule m'kalata. Anthu a zaumisiri ku ofesi ya chigawo amazidziwa kale nkhanizo, ndipo akaona kuti mwini wake akuzidziwanso samuyankha mwachibwana.

aNkhoma: Pa mbali ya malamulo ndinenepo mwachidule. Tili ndi Consumer Protection Act ya 2003, tili ndi bungwe la CFTC lomwe limalandira madandaulo a ogula, komanso CAMA, bungwe loimira ogula. Koma funso loyamba lomwe adzafunse ndi loti munagula kwa ndani. APhiri anagula kwa wogulitsa magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito wa ku Japan, ndipo mapepala a malonda oterowo amanena kuti mwaitenga momwe ilili. Dila wa kuno sanakugulitseni kanthu, ndiye kumukokera ku CFTC chifukwa chokana goodwill sikungapite patali. Zingasinthe pokhapokha zitapezeka kuti wina wa kuno anakugulitsani oyilo wachinyengo kapena anaononga pochita sevisi. Malisiti aja asungeni pa chifukwa chimenechonso.

aMwale a garaja: ANkhoma mwakhudza pomwe ndimafuna kufika. APhiri, dila akufunsani mafunso atatu, ndiye ndiyambe ndine kuti mukonzeke. Oyilo mumathira wanji? Petulo wa m'zigubu munathirapo nthawi ya mizere ija? Kompyuta ya injini inasinthidwapo kuti iwonjezere mphamvu?

Ndikufunsa chifukwa anthu kuno timathira 20W-50 m'chilichonse, poganiza kuti kukatentha oyilo wolemera ndiye wabwino. Injini zamakono mipata ya maberingi ndi yaing'ono kwambiri, oyilo wolemera amachedwa kufika m'mawa polizira. Komanso za turbo zopopera petulo molunjika mu silinda zimafuna oyilo wa API SP, kapena SN Plus, yemwe anapangidwa dala kuti achepetse kuphulika kwa msanga injini ikamakoka pa ma rev otsika. Za petulo mukudziwa nonse, wa m'zigubu ena amasakaniza ndi palafini. Probox imatsokomola n'kupitirira, koma injini ya turbo yomwe ku Japan inalembedwa kuti izimwa high octane, palafini amaiphulitsa mkati, ndipo nkhonya yonseyo imatsikira pa beringi.

aPhiri (Chankhanga): Oyilo ndi 5W-30 wa synthetic monga buku likunenera, ndimagula kusitolo imodzi ku Lilongwe, malisiti alipo, ndipo ndimasintha pa makilomita 5,000 aliwonse. Petulo akasowa galimotoyi imangokhala pakhomo, ndimayendera pikapu ya kushopu. Za kompyuta ine sindinakhudzepo. Za mwini wake woyamba ku Japan sindingalumbire.

aMwale a garaja: Chabwino. Za mwini woyambazo makina a dila adzaonetsa okha. Konzekerani mumtima kuti zikapezeka kuti anaichuna, goodwill yathera pomwepo.

Lachitatu

aGondwe (Nagoya): APhiri ndafufuza. Pa injini penipeni palibe recall kapena kuwonjezera waranti pa chasisi yanu. Koma pali recall imodzi yomwe ikuonetsa kuti sinachitidwe, ya pampu ya petulo ya mu thanki. Ndi nkhani ija inayamba mu 2020, pomwe makampani angapo a kuno anaitanitsa magalimoto mamiliyoni chifukwa kachipangizo kapulasitiki kozungulira mkati mwa pampu kamatupa n'kuyamba kukhula m'mbali, pampu n'kufooka kapena kuima. Mwini woyamba sanapititse, kenako galimoto inagulitsidwa pa okushoni. Ndakutumizirani chithunzi cha tsambalo ndipo ndamasulira m'Chingerezi pansi pake.

Junior wa ku Mtunthama: Eee ndiye yaphweka madala! Akupatsani injini yatsopano amenewo.

aMwale a garaja: Ayi mwana wanga, tisathamange. Recall imeneyo imanena za galimoto kuzima pamsewu, sinena za beringi. Iwo adzati pampu tikusinthirani, injini si nkhani yathu. Koma pali ulusi womwe ungalumikize ziwirizi, ndipo ndi wa nzeru. Pampu ikafooka, injini ya turbo ikamakoka imalandira mpweya wambiri petulo wochepa. Moto umatentha kupitirira muyeso, umayamba kuphulika m'malo moyaka bwinobwino, pisitoni imamenyedwa ngati ndi hamala, konirodi n'kupatsira beringi. Zikatero zizindikiro zake zimaoneka. Beringi imaphwanyika kwambiri chigamba cha pamwamba, cha mbali ya konirodi, nthawi zambiri pa silinda imodzi kapena ziwiri. Pulagi ya silinda imeneyo imayera mbuu kapena kusungunuka kunsonga, ndipo pamutu pa pisitoni pamakhala timaenje. Koma oyilo akakhala kuti ndi amene anasowa, maberingi onse amapsa pamodzi, ndi a main omwe (aja ogwira kirankishafuti mu buloko), kirankishafuti n'kusintha mtundu kukhala yabuluu. Apo timakayang'ana kasefa koyamwira oyilo mu sampu ngati katsekeka ndi zinyenyeswa za silikoni.

Ndiye aPhiri, inayamba yakuchitanipo ngati ikubanika pokwera mtunda kapena popitirira thiraki? Nyale ya check engine inayakapo?

aPhiri (Chankhanga): Inayakapo chaka chatha pobwera ku Mzuzu, pa zitunda za ku Chikangawa. Inachita ngati yataya mphamvu kenako inabwerera. Ndinaipititsa kwa wa makina ku Lilongwe, anawerenga, anandipatsa pepala, anati mwina ndi petulo wakuda, anatsuka n'kufufuta. Sinayakenso. Pepalalo ndalipeza m'fayilo, palembedwa P0087.

aMwale a garaja: P0087 ndi kuchepa kwa mphamvu ya petulo mu paipi yopita ku ma injector. Pepala limenelo lisungeni ngati chiphaso cha munda. Lili ndi deti ndi makilomita?

aPhiri (Chankhanga): Zonse zilipo, ndi chidindo chomwe.

Nabanda: Pepalalo ndi lamphamvu, koma dziwani kuti limacheka mbali zonse. Inu mudzati taonani, pampu yanu inayamba kale kuvuta. Iwo akhoza kunena kuti galimoto inakuchenjezani chaka chatha ndipo simunabwere nayo kwa ife. Yankho lanu likhale loona lomwelo: munaipititsa kwa wodziwa, anakonza zomwe anaona, nyale sinayakenso, ndipo za recall panalibe yemwe akanakudziwitsani chifukwa makalata ake amapita ku adiresi ya mwini wa ku Japan. Musabise pepalalo, akadzalitulukira okha zidzaoneka zoipa.

Kalatayo ikhale ya tsamba limodzi. Mutchule chasisi, chaka, makilomita, tsiku ndi malo pomwe zinachitikira, ndi zoti munazimitsa nthawi yomweyo ndipo palibe wamasula. Mutchule recall yosachitidwayo ndi nambala yake. Musalembe kuti pampu ndi imene yapha injini, poti simunaone mkati. Lembani kuti mukupempha afufuze ngati pali mgwirizano. Kumapeto nenani chomwe mukufuna mosazungulira: aiyeze, atsegule pempho la goodwill, akupatseni nambala ya fayilo. Malisiti muwasanje motsata madeti, mupange PDF imodzi. Mutumize pa imelo kwa mkulu wa after-sales, kope ku ofesi ya makasitomala ya kampaniyo, kenako mupite nokha ndi kalata ya papepala akakudindireni kuti alandira. Za pafoni zimaiwalika.

aKamanga: Ine ndikadali pomwe ndinali, koma poti mwaganiza zolemba, dziikireni malire aPhiri. Mwezi umodzi, osapitirira. Ndalama yathuyi mukuidziwa, mu May 2022 inagwa ndi 25 peresenti, mu November 2023 ndi 44 peresenti, ndipo madola kubanki sapezeka. Injini yomwe mukuiona lero pa intaneti, mukadikira miyezi isanu mudzaigula ndi ndalama zina. Yambani kufunsa mitengo ya half-cut panopa, zonse ziziyendera limodzi.

aPhiri (Chankhanga): Apa ndagwirizana nanu aKamanga. Ndichita zonse ziwiri.

Patapita masabata angapo

aPhiri (Chankhanga): Akuluakulu ndabweranso. Ndinakhala chete chifukwa ndimafuna ndibwere ndi zenizeni. Dila anayankha kuti ndibweretse galimoto, koma ndalama ya kumasula ndi kuyeza ndilipire ndekha ndipo sakulonjeza kanthu. Ndinavomera. AMwale anasiya garaja yawo tsiku lathunthu n'kupita nane kuti akaone ndi maso awo pomasula, ndipo mkulu wa workshop anawalola kulowa.

Zomwe anapeza: kompyuta sinachunidwepo, palibe pomwe ikuonetsa kuti ma rev anadutsa malire. Kasefa ka mu sampu n'koyera. Maberingi a main ali bwino. Big end ya silinda yachitatu ndi imene yatha, kirankishafuti yakalika pamenepo, pulagi yake yadyeka kunsonga. Pampu ataiyeza inali pansi pa muyeso.

Yankho la ku ofesi ya chigawo labwera dzulo. Akuti sakuvomera kuti pampu ndi imene yapha injini, chifukwa petulo woipa angachitenso zomwezo ndipo sangatsimikize zomwe galimoto yakhala ikumwa. Pampu asintha ulere pansi pa recall. Pa injini, mwa goodwill, apereka short block (gawo la pansi la injini, lopanda mutu) yatsopano pa theka la mtengo. Kunyamula, msonkho wa MRA ndi amakaniko ndi zanga, ndipo ndisaine kuti nkhani yatha. Ndikawerengera zonse, zikuposabe half-cut yomwe ndapeza ku Sharjah, ndipo kusiyana kwake si kochepa. Ndithandizeni maganizo.

aKamanga: Ndikuvomera, sindimayembekezera kuti apereka ngakhale chimenecho. Koma masamu ndi masamu. Half-cut imabwera ndi turbo, ma injector, waya, kompyuta, nthawi zina ndi giyabokosi, zonse zotsalazo ndi masipeya a mtsogolo omwe ku Malawi kuno simungawapeze. Short block ndi buloko, kiranki ndi mapisitoni basi.

aMwale a garaja: Zoona aKamanga, koma half-cut ya galimoto ya mtundu uwu si ya Sienta yomwe ankayendera agogo popita kumsika. Galimoto yothamanga ikafika podulidwa pakati, kawirikawiri ndiye kuti inagundidwa, ndipo amene ankaiyendetsa sankaisisita. Makilomita omwe amalemba ndi choko pa injini palibe angawatsimikize. Ndaikapo zotere zambiri, zina zimayenda zaka, zina mwezi umodzi utsi. Ikafa, wa ku Sharjah simumuonanso. Apa mukupatsidwa chitsulo chatsopano, ndipo mutu wa injini yanu ndinauona ndekha, uli bwino. Ine ndikanatenga short block.

Nabanda: Musanasankhe funsani zinthu ziwiri, ndipo ayankhe polemba. Choyamba, short block imeneyo ikaikidwa ndi iwo ili ndi waranti ya nthawi yaitali bwanji, pa chipangizo ndi pa ntchito. Chachiwiri, mtengo akupatsaniwo ndi wokhazikika mpaka liti, ndipo uli mu kwacha kapena mu dola. Komanso yesani kupempha kamodzi kena, mwaulemu, kuti dila atsitseko mtengo wa amakaniko. Imeneyo ndi ndalama ya m'thumba mwake, safunika chilolezo cha kunja, ndipo akudziwa kuti akakusamalani sevisi muzidzachitira kwa iye.

aChirwa: Ine mtima ukundiwawabe. Zizindikiro zonse zomwe aMwale ananena zapezeka, pampu yapezeka yofooka, recall ndi yawo. Theka lokha? Bwanji osalembanso kukana?

aNkhoma: Ndikumvetsa aChirwa, nanenso ndikuona kuti pampu ndi imene ili ndi mlandu. Koma kuona ndi kutsimikiza pamaso pa woweruza ndi zinthu ziwiri. Pangafunike katswiri woima payekha, kuyeza petulo yemwe anali mu thanki, ndi kutsutsana ndi kampani yomwe sinakugulitseni kanthu m'dziko lino. Zaka zingathe galimoto ili pa mathanthwe. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Chomwe ndingalangize ndi kuwerenga bwino pepala losainalo. Lizinena za injini yakaleyi yokha. Lisakutsekereni pakamwa pa short block yatsopanoyo, pa pampu yatsopano, kapena pa recall ina iliyonse yomwe ingadzatuluke. Nditumizireni ndiliwerenge musanaike dzina.

aGondwe (Nagoya): Ndipo ena nonse muli ndi ma ex-Japan a 2013 kufika 2019, nditumizireni ma chasisi ku inbox ndiziona Loweruka ndikapuma. Ya pampuyi inakhudza magalimoto wamba ambiri, si othamanga okha.

aPhiri (Chankhanga): Ndamva zonse. Ndakambirana ndi mayi akunyumba usiku, tagwirizana kuti titenge short block ngati waranti yake ailemba papepala. Pikapu igwira ntchito zonse mpaka ndalama ikwane. ANkhoma pepala lija ndakutumizirani. AMwale, pali china choti ndiwauze asanayambe kumanga?

aMwale a garaja: Chilipo, ndipo musanyengerere. Oil cooler asinthe, asatsuke, chifukwa zinyenyeswa za beringi zimabisala m'timipata take ndipo zimadzatuluka injini yatsopano ikatentha. Pampu ya oyilo ikhale yatsopano ngati siili kale pa short block. Mapaipi a oyilo opita ku turbo atsopano, turbo yeniyeniyo aione ngati shafuti yake siikugwedera. Mutu autsuke m'njira zonse za oyilo, ndi timavalavu ta timing tomwe. Ma injector onse anayi akayezedwe, makamaka ya silinda yachitatu, kuti tisaloze pampu yokha pomwe pali chinanso. Petulo yemwe ali mu thanki akhuthule, koma musungeko lita imodzi m'botolo lotseka bwino. Zitsulo zonse zakale akubwezereni m'katoni.

Ikatuluka, makilomita 1,000 oyamba musaikokere pa ma rev apamwamba, komanso musaiyendetse giya yaikulu pa liwiro lotsika, kenako tisinthe oyilo ndi fyuluta, fyulutayo ndidzaicheka tione mkati. Tsiku lomanga mundiuze msanga ndikonze ntchito za kuno, ndikufuna ndikakhalepo pomanga injiniyo.

aPhiri (Chankhanga): Ndalemba zonse akulu. Ndiwaimbira mawa m'mawa, imelo ndiitumiza usiku uno.